Nkhope Imene Ndinaumba ku Mishoni

1974 mpaka 1986

Za ubwana wanga ku Dedza musandifunse, ana inu, mulibe kanthu m'menemo. Ndinaweta mbuzi, ndinafika Sitandade 4, kenako aphunzitsi ndi ine tinagwirizana mwaulemu kuti tisamavutitsanenso. Moyo woti munthu n'kulemba unayamba tsiku limene ndinatsika pa lole ku Mzuzu nditavala kabudula ndi malaya amodzi, mano akugundana ndi kuzizira, kamvula ka kuno kakungowaza ngati kakundiseka. Anandilemba ntchito yokandya simenti pa kampani ina yomanga nyumba za boma. Kapitawo wathu anali a Mwafulirwa a ku Karonga, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankayeza khoma atatsinzina, akulisisita ndi chikhatho. Akapeza pamene patupa ankaitana aliyense kuti adzaone khoma loyembekezera, n'kufunsa kuti bambo wa mwanayo ndani. Chaka choyamba ine ndinakhala bambo wa makoma ambiri. Koma ndi iwowo amene anandiphunzitsa kumata, mpaka simenti inayamba kundimvera.

Kampaniyo inatiyendetsa. Tinamanga ku Rumphi, ku Chitipa, ndi ku Nkhata Bay kumene thukuta linkanyowetsa simenti ife tisanathire madzi. Amayi anu, Anyagondwe, ndinawapeza ku Ekwendeni tikumata nyumba za aphunzitsi. Ankadutsa ndi ndowa ine ndili pamakwerero, ndipo ndinawauza kuti kampaniyo ndi yanga. Anangokweza nsidze ya kumanzere, ya kumanja ili phee, bodza langa n'kugwera mu simenti. Nsidze imeneyo nonse mukuidziwa, ndi imene inakulelani. Mlongo wawo wamkulu, a Gondwe, amene inu mumati asibweni, anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo. Anandilola kukwatira nditalonjeza kulowa mpingo wawo, uja wa makoma oyera mbee, mopanda chithunzi, mopanda kandulo, moti ngakhale kalendala ankayamba aiyang'anitsitsa asanaipachike. Ndinalowa ndi mtima wonse. Makoma ake anali omatidwa bwino.

1987 mpaka 1991

Pamene kampani inkatseka n'kuti titamanga kale kanyumba kathu ka ku Mchengautuwa, ndipo ntchito ina ndinaipeza ku mishoni ya ansembe, kumtunda kwa tauni. Ndinali mmisiri wa chilichonse, kumanga, kumata, kupenta, kutseka denga lodontha. Bwana wanga anali wansembe wachizungu, wokalamba, wamtali, woyenda chowerama ngati wataya singano. Dzina lake lenileni linkatithyola lilime, choncho tinkangoti Bambo Pachokopachoko, chifukwa mawu amenewa, otanthauza pang'onopang'ono, ndiwo ankayankhira nkhani iliyonse, kaya ya malipiro, kaya ya moto kukhitchini.

Amayi anu nthawi imeneyo anali atasankhidwa kutsogolera amayi a mpingo wathu. Sabata iliyonse ankavala bulauzi yoyera ndi duku loyera n'kukaphunzitsa anzawo, ndipo phunziro limene ankalikonda linali la mafano. Ntchito ya ku mishoni anaivomera pa lamulo limodzi: makoma ndimange, madenga ndikhome, koma zidole za anthu amenewo ndisazikhudze ngakhale ndi tsache. Chachikulu mwa zidolezo chinali panja, m'kaphanga ka miyala kuseri kwa tchalitchi. Anali Amayi Maria a simenti, otalika ngati munthu, ochokera kunja, nkhope yotuwa ngati akudwala malungo. Lamulo ndinalisunga zaka zonsezo. Ndikamadutsa ndi wilibala ndinkangovula chipewa n'kunena kuti monire amama, monga ndinkachitira kwa mayi wina aliyense.

1992

Ichi ndi chaka chimene dziko linayamba kulankhula. Kalata ina inawerengedwa m'matchalitchi a ansembe, ndipo kuyambira pamenepo galimoto zachilendo zinkaima pafupi ndi mpanda wa mishoni, anthu a m'katimo akuwerenga nyuzipepala imodzimodzi tsiku lonse. Mvula yomaliza inabwera ndi mphepo. Nthambi ya bulugamu inathyoka n'kugwera kaphanga kaja, ndipo nkhope ya Amayi Maria inaphwanyika kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Nthambiyo ndinaiona ndi maso anga, ndine amene ndinaiduladula n'kupita nayo kukhitchini. Koma pofika Lamulungu tauni yonse inkadziwa kuti anachita zimenezi ndi anyamata a chipani, ndipo ena anawaona ndithu, mpaka ankatchula nsapato zimene anavala. Nthambi inalibe mboni.

Bambo Pachokopachoko analembera anzawo a kunja kuti atumize mutu wina, koma masiku amenewo katundu wopita ku mishoni ankayenda ngati nkhono, ndipo winayo osafika n'komwe. Anaphimba mutu wophwanyikawo ndi nsalu yoyera. Miyezi inapita, amayi a ku mishoni anayamba kudandaula kuti atopa kupemphera pamaso pa munthu wofunda kumutu. Tsiku lina Bambo anandiitanira kuofesi kwawo, anandipatsa mpando ndi tiyi, ndipo ndinadziwa kuti zavuta, chifukwa mmisiri sapatsidwa tiyi popanda chifukwa. Anati akufuna ndiumbe nkhope yatsopano, ndipo isakhalenso yotuwa, ikhale ya mayi wa konkuno. Ndinakana, ndinawafotokozera lamulo la kunyumba. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatsegula Malemba. Anandionetsa kuti Mose yemweyo amene analemba kuti tisadzipangire fano, masamba ochepa kutsogolo analemba kuti Mulungu anamulamula kupanga akerubi awiri agolide, angelo a mapiko, pamwamba pa bokosi la chipangano. Anandionetsa njoka yamkuwa ya m'chipululu, imene olumidwa ankachira akaiyang'ana. Anandionetsanso kachisi wa Solomo, wodzaza ng'ombe ndi mikango. Ine ndinadabwa. Zaka zonse zimene ndinakhala pa benchi lakutsogolo sindinamvepo za ng'ombe m'kachisi, pokhapokha ngati zinalalikidwa ine nditagona.

Ndikanena kuti akerubi ndiwo anandigonjetsa ndikhala ndikuwanamizira. Manja ndiwo ankayabwa. Ndinali nditamata makoma kuyambira unyamata, ndipo khoma ukalimata bwino palibe amene amaliona. Apa wina ankati ndipange chinthu chimene anthu azichiyang'ana.

Simenti chaka chimenecho inkasowa, yoyera ndiye inali maloto. Ndinaipeza kwa Che Amidu, Msilamu wa ku Mangochi amene anali ndi sitolo ya misomali ndi penti pafupi ndi msika. Anaitulutsa pansi pa kauntala ngati mankhwala. Nditawauza ntchito yake anatseka makutu, amvekere iwo amangogulitsa simenti, chimene munthu akaumbe akayankha yekha pa tsiku lomaliza. Anati kwawo mkangano umenewu kulibe, chifukwa chithunzi cha munthu sichiloledwa n'komwe. Ndinaloza pamwamba pa mutu wawo, pamene panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, monga zinalili m'sitolo iliyonse masiku amenewo. Che Amidu anayamba asuzumira kukhomo.

"Chimenecho si chithunzi, achimwene," ananong'ona. "Ndi laisensi."

Ndinayamba ndi dongo la ku Lunyangwa, m'kashedi ka zida, chitseko chotseka. Nkhope yoyamba inatuluka ngati chule. Yachiwiri inatuluka a Mwafulirwa enieni, moti ndinaivulira chipewa ndisanaiphwanye. Apo ndinazindikira kuti ndakhala ndikuona nkhope moyo wanga wonse koma sindidziwa kuti mphuno imayambira pati, ndipo tsaya limathera pati. Choncho ndinayamba kuphunzira pa nkhope imene inali pafupi. M'mawa amayi anu akamasita, akamapeta mpunga, akamamanga duku, ine ndinkakhala pa mpando maso ali pa iwo. Masiku oyamba anandifunsa ngati ndikudwala. Kenako anandifunsa ngati pali mkazi wina amene ndikuwayerekeza naye. Ndinalumbira kuti palibe wamoyo, ndipo nsidze inatsika chifukwa silinali bodza. Pambuyo pake anayamba kuzolowera, mpaka tsiku lina anadzola mafuta onunkhira pakati pa sabata. Chaka cha chilala chimenecho m'nyumba mwathu munali chikondi chambiri, ndipo Chawanangwa, iwe chitsiriza, ukawerengera miyezi bwino uyenera kuthokoza ansembe.

Ngati mukufuna kudziwa kuti ndinachita dala kapena ayi, kafunseni manjawa. Ine ndinkangofuna mphuno yooneka ngati mphuno. Koma nditamata nkhopeyo pa mutu wake, n'kuipaka penti yofiirira imene Che Amidu anandisakanizira atayang'ana kumbali, ndinatsika pamakwerero n'kubwerera m'mbuyo. Anyagondwe anali kundiyang'ana ali m'phanga, kadzenje kawo pachibwano, nsidze ya kumanzere ili m'mwamba. Bambo anaidalitsa nkhopeyo Khirisimasi isanafike. Anthu a ku mishoni anaikonda kwambiri. Ankati Amayi Maria atsopanowa amakuyang'ana ngati akudziwa kumene unali dzulo, ndipo Bambo anandiuza akusangalala kuti mzere wa olapa watalika. Ine sindinadabwe.

1993, voti isanafike

Miyezi ingapo ndinadya mtendere, chifukwa munthu wa mpingo wathu sakanaponda ku mishoni ngakhale akuthawa mvula. Chimene sindinaganizire ndi msika. Amayi anu ankagulitsa nyemba ndi mpunga pamenepo, ndipo msika sufunsa mpingo. Tsiku lina gogo wina wa ku mishoni anaima patsogolo pa nyembazo, anawayang'ana, anachita chizindikiro cha mtanda, kenako anagwada pafumbi n'kugwira nsonga ya chitenje chawo. Amayi anu anaganiza kuti wadwala n'kumupatsa madzi. Mawa lake gogoyo anabwera ndi anzake. Sabata isanathe, nyemba zinkatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ogulitsa anzawo, ansanje, anayamba kuwapatsa moni wakuti mwawuka uli Amayi Maria.

Madzulo amenewo ndinawapeza atakhala pa mpando wanga, adakali ndi chitenje cha kumsika, ndipo anandiitana mwa kwawo, ndi dzina la mwana wathu.

"Awiske Tiwonge, ku mishoni kuja mukuumba vichi?"

Ndinati makoma. Nsidze inakwera, ndipo inakwera ndendende monga ndinaiumbira, osasiyana ngakhale pang'ono. Munthu wanzeru akanagwada. Ine mmisiri wa m'kati mwanga anasangalala ndi ntchito yake, ndipo ndinaseka. Sanakalipe. Anandiuza modekha kuti iwo akhala akuphunzitsa amayi za mafano zaka zonsezi, lero fano la tauni ndi iwowo, ndipo amene wawachita zimenezi ndi munthu amene amamuchapira malaya. M'mawa anamanga zovala zawo n'kupita kwa asibweni anu ku Mzilawaingwe. Mawu amene anasiya anali akuti sadzapondanso m'nyumba muno nkhopeyo isanaphwanyidwe.

Nthawi imeneyo tauni inali itagawanika, ena a nyali ofuna zipani zambiri, ena a tambala ofuna chimodzi chomwecho, ndipo mabanja ambiri ankakangana pa zimenezo. Anansi anangoti ukwati wathu wathetsedwa ndi ndale. Ena ankabwera kudzandipepesa kuti ndavutikira ufulu, ine n'kumavomera ndi mutu. Koma ana inu, kuseka kuli apo, nyumba inazizira. Tiwonge, iwe unayesetsa kuphika, Mulungu akukhululukire. Ine ndinkadzuka m'mawa, n'kukhala pa mpando uja, n'kusowa woyang'ana.

Ndinavala jekete n'kupita ku Mzilawaingwe nditanyamula akerubi m'mutu. A Gondwe anandilandira pakhonde mwaulemu wonse, magalasi pamphuno, Malemba pamiyendo. Amayi anu anali chapatali akusenda mtedza, atandifulatira, koma makutu awo ndinkawaona akugwira ntchito. Ndinayala mlandu wanga monga ndinaphunzitsidwira. Ndinati Mose analetsa, inde, koma Mose yemweyo anapanga angelo agolide, ndiye tigwire mawu ati, a m'mawa kapena a madzulo? Ndinatulutsa ng'ombe za Solomo. Ndinamalizira njoka yamkuwa, ndi mawu okweza pang'ono kuti afike pa mtedza paja.

A Gondwe sanakwiye. Anavula magalasi n'kuvomera kuti nkhani ya akerubi inawasowetsapo tulo iwonso ali mnyamata, ndipo mpaka pano sanganene kuti anaimaliza. Koma anati amene analetsa ndi yemweyo amene analamula, ndipo akerubiwo anali kuseri kwa nsalu, kumene anthu wamba sankawaona n'komwe. Kenako anandifunsa kuti ine anandilamula ndani, Mulungu kapena mzungu. Ndisanapeze yankho anatsegula masamba ena akutsogolo n'kundipatsa kuti ndiwerenge ndekha, chala chili pa mzere. Ndinawerenga mwa Sitandade 4 yanga, pang'onopang'ono, kuti njoka ija inakhalako zaka zambiri, anthu anayamba kuifukizira lubani, ndipo mfumu Hezekiya anaiphwanya, Mulungu n'kukondwera naye.

"Mlamu, njoka yanu ndi imeneyo," anatero. "Munayamba bwino nkhani. Imalizeni."

Kumtedza kuja kunamveka kachifuwa.

Ndinapita kwa Bambo Pachokopachoko kukadandaula kuti anandituma kunkhondo ndi theka la nkhani. Anaseka mpaka misozi, anavomera kuti za Hezekiya amazidziwa. Anati anthu awo salambira simenti, monga mmene munthu wopsompsona chithunzi cha malemu mayi ake salambira pepala. Ndinawafunsa za gogo amene anagwadira akazi anga pamsika, kuti iyeyo ankapsompsona pepala liti. Anakanda ndevu, kenako anati pamenepo mlamu wanga ali ndi mfundo. Ndinaona kuti anthu awiri ophunzirawa aliyense ali ndi tsamba lake limene amalitsegula msanga, ndi lina limene amadikira kuti mnzake atsegule. Ine pakati pawo ndinangosirira mmisiri amene anapanga akerubi, chifukwa akazi ake analibe mapiko ndipo palibe amene anawazindikira pamsika.

Koma za hamala Bambo anakana. Anati nkhopeyo inadalitsidwa, anthu akuikonda, ndipo ikaphwanyikanso masiku ano, tauni ili yotentha chonchi, anena kuti ndi chipani ndipo miyala iuluka. Anandiuzanso mosabisa kuti ndikaiphwanya, akuluakulu a mpingo wawo sadzalola kuti ndipitirize ntchito, ndipo iwo sadzatha kunditeteza. Munthu wa zaka zanga, chaka chimene makampani ankachotsa anthu, ntchito ina sindikanaipeza. Ndinaganiza za sukulu yanu. Ndinaganizanso za nkhopeyo, chifukwa sindinama, pa zonse zimene manjawa anagwira palibe china chinafikapo. Ndinazungulira mpanda wa mishoni ngati mbuzi yomangidwa, kenako ndinabwerera kukawauza kuti ntchito ndimaifuna, koma ntchito sindigona nayo. Ndidzaphwanya masana, anthu akuona, kuti wina asanamizire chipani. Anangopempha kuti ndidikire voti ipite. Aka kanali koyamba kuti pachoko pachoko wawo akhale ndi nzeru.

1993, voti itapita

Nyali itapambana, Mzuzu inavina. Galimoto zinkalira mahutala, anthu osadziwana ankakumbatirana pamsewu, ndipo Che Amidu ndinawapeza ataima pa mpando akuyang'ana laisensi yawo, akuti akungopukuta fumbi. Ine ndinali munthu yekhayo m'tauni woyenda ngati akupita kumaliro, hamala ndi tchizulo zili m'thumba. Amayi anu anali atatumiza mawu kuti za kumva safuna, chifukwa mawu anga asiya kuwakhulupirira. Adzabwera kudzaona okha.

Anabwera m'mawa, pakati pa sabata, atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera ngati akupita kukaika munthu. A Gondwe anali pambuyo pawo mu suti, atanyamula kachikwama ka zovala ka mlongo wawo, kusonyeza kuti mlandu ukatha bwino katundu asintha nyumba. Aka kanali koyamba kuti awiriwa aponde pa mishoni, ndipo ankayenda ngati pansi pali minga. Bambo anaima pambali manja ali kumbuyo. Amayi angapo a ku mishoni, gogo uja ali pomwepo, anali atamva ndipo anasonkhana, ena akulira kale. Amayi anu anayenda maso ali pansi mpaka patsogolo pa kaphanga. Ine ndinatsamiritsa makwerero, ndinakwera, ndinaika tchizulo pamphumi, pamwamba pa nsidze ija. Apo ndi pamene anadzutsa mutu.

Musaiwale kuti iwo anali asanaionepo. Anangomva za pamsika. Anayang'ana, n'kuyang'anabe. Amayi a ku mishoni maso awo ankapita m'mwamba, n'kubwera pansi, n'kupitanso m'mwamba. Ndinakweza hamala.

"Lekani," anatero amayi anu.

Ndinaima, hamala ili m'mwamba. A Gondwe anasendera pafupi n'kuwakumbutsa motsitsa mawu zimene anachita Hezekiya.

"Hezekiya anaphwanya njoka, akulu," anayankha amayi anu osawayang'ana. "Kasi ine ndine njoka?"

Bambo Pachokopachoko anagwidwa ndi chifuwa mwadzidzidzi n'kutembenukira ku mabulugamu. A Gondwe anayamba kupukuta magalasi. Amayi anu anati maganizo awo pa mafano sanasinthe, ndipo amene amagwada adzayankha okha, iwo si wapolisi wa Mulungu. Koma nkhope yawo siikhala pamenepo kuti anthu aziigwadira, ndiponso palibe amene aimenye ndi hamala iwo ali moyo, akuona.

"Si ndinu womata inu, awiske Tiwonge? Matani pamwamba. Muikepo ya munthu amene sagulitsa nyemba."

Bambo anavomera chifuwa chisanathe. A Gondwe anaganiza kaye, kenako anati bola isaonekenso, ngakhale ndinaona kuti mumtima ankafunabe kumva kulira kwa hamala. Amayi anu anakhala pa mwala n'kunena kuti sachoka mpaka aone ndi maso awo itaphimbika. Ndinatsika, ndinasakaniza simenti imene inatsala, ndinakwera nayo. Zida ndinazisiya pansi, ndinamata ndi chikhatho. Ndinayamba chibwano, kenako masaya, kenako mphumi, ndipo maso ndinamalizira. Ndamatapo makoma a zipatala ndi a ndende, koma sindinayendetsepo dzanja mofatsa ngati tsiku limenelo. Nditatsika, gogo uja anagwira amayi anu dzanja n'kuwathokoza kuti yewo chomene, ndipo ulendo uno sanagwade.

Nkhope yatsopanoyo ndinaimaliza masiku otsatira. Si ya munthu aliyense, ndipo olapa anabwerera pa chiwerengero chawo chakale. Ntchito ndinakhala nayo mpaka ndinapuma. Mukadzadutsa kumeneko mudzaone, mutu wa Amayi Maria ndi waukulu pang'ono kuposa thupi, ndipo alendo amati mmisiri wake sankadziwa kuyeza. Asiyeni anene. Inu mukudziwa amene ali m'katimo.

Koma ndibwerere ku tsiku lija. Titatuluka pa mpanda, a Gondwe anandipatsira kachikwama kaja n'kutsogola, koma amayi anu anali asananene kumene akupita. Tinatsika phiri tili awiri, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi chikwama cha maluwamaluwa, manja ali mbuu ndi simenti. Anyamata a pa msewu, amene anali akuvinabe za voti, anandikuwiza kuti adada, ufulu wafika ndithu, amuna ayamba kunyamulira akazi. Amayi anu sanatembenuke. Tinayenda choncho mpaka pa mphambano pamene njira ya ku Mzilawaingwe imasiyana ndi ya ku Mchengautuwa, ndipo pamenepo anaima. Analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Mayi uja ngwokongola chomene. Nadi mumandiona choncho?"

"Lolemba mpaka Loweruka," ndinatero. "Lamulungu mumaopsa."

Anayesetsa kugwira pakamwa ndi nsonga ya duku, koma mapewa anawaulula. Anaseka mpaka anatsamira mtengo wa magetsi, mtsogoleri wa amayi mu yunifolomu yake, anthu akuona. Atapukuta misozi anandiuza kuti ndikafika ndikasambe m'manja ndisanakhudze chilichonse m'nyumba mwawo, ndipo anakhotera ku Mchengautuwa.